Mmene mungagulire ndi kusunga mpeni wa RAD wa ku Germany osapusitsidwa

Mwa mipeni yonse ya pamwambo imene inapangidwa mu ulamuliro wa Hitler, wa bungwe la antchito la Reichsarbeitsdienst, mwachidule RAD, ndi umene umadziwika ngakhale uli patali. Ndi wolemera, chitsulo chake n'chotambalala chakunsonga ngati kachikwanje, ndipo chogwirira chake ndi nyanga. Eni ake ankautcha Haumesser. Lero umagulitsidwa ku okushoni ndi m'masitolo a zinthu zakale ku Britain, America, South Africa ndi ku Germany komweko, ndipo yabodza ndi yochuluka kwambiri. Malangizo awa ndi a munthu wokonda mbiri yakale amene akufuna kusunga mpeni wotere ngati umboni wa zimene zinachitika. Amene akuufuna chifukwa chosirira chipani cha Nazi, ndilibe naye mawu.

Choyamba: dziwani eni ake a mpeniwo

RAD inachokera ku ntchito yodzipereka ya achinyamata osowa chochita, imene boma la Germany linayambitsa mu 1931 chuma chitalowa pansi. Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933 chinailanda ntchitoyo, ndipo lamulo la pa 26 June 1935 linalamula kuti mnyamata aliyense wa zaka za pakati pa 18 ndi 25 agwire miyezi 6 asanalowe usilikali. Atsikana anayamba kukakamizidwa mu 1939. Mtsogoleri wa bungweli anali Konstantin Hierl. Anyamatawo ankakhala m'misasa, kuumitsa madambo, kukumba ngalande ndi kulambula misewu, ndipo poguba ankanyamula fosholo paphewa m'malo mwa mfuti. Kuyambira mu 1938 anamanga nawo malinga a Westwall kumalire a kumadzulo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka ankatsatira asilikali kukakonza misewu ndi mabwalo a ndege, ndipo chakumapeto ena ankawombera ndege ndi mizinga, ena n'kumenya nkhondo ngati asilikali enieni. Mayiko opambana anathetsa bungweli ndi lamulo la pa 10 October 1945.

Mudzamva ogulitsa ena akunena kuti RAD inali ya anyamata okumba ngalande basi, yopanda ndale. Musawamvere. Msasa uliwonse unalinso sukulu ya maganizo a chipani ndi ya perete. Ndiponso boma lomwelo limene linkatamanda thukuta la ana ake linagwiritsa ntchito yaukapolo anthu oposa 12 miliyoni ochokera m'mayiko ena. Amene wasunga mpeniwu ayenera kutha kufotokoza zimenezi mlendo akafunsa.

Panalinso mabungwe ena a ntchito. Technische Nothilfe, kapena kuti TeNo, gulu la amisiri othandiza pa nthawi ya ngozi, inayamba mu 1919 ndipo inalandira mipeni yake mu 1938, yokhala ndi chogwirira choyera ndi chizindikiro cha gudumu la mano. Inkapangidwa ndi kampani imodzi yokha ya Carl Eickhorn, ndipo ndi yosowa ndi yodula, si yoti woyamba kumene ayambirepo. Deutsche Arbeitsfront ya Robert Ley inalowa m'malo mwa mabungwe a apantchito amene anaphwasulidwa mu May 1933, ndipo Organisation Todt inkamanga misewu ndi malinga. Wina akakuonetsani mpeni n'kunena kuti ndi wa limodzi mwa mabungwe awiri omalizawa, bwezani ndalama m'thumba. Mipeni ya mabungwe a ntchito imene ili ndi umboni wokwanira wa zithunzi ndi mabuku a malonda a nthawiyo ndi ya RAD ndi TeNo.

Chachiwiri: funsani za malamulo musanafunse mtengo

Mpeni wa RAD uli ndi swastika, chizindikiro cha chipani cha Nazi, ndiye malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Germany, ndime 86a ya malamulo a milandu imaletsa kuonetsa poyera zizindikiro zotere, kupatula pa zamaphunziro, kafukufuku ndi zofanana nazo. N'chifukwa chake ogulitsa a kumeneko amamata kapepala pa chizindikirocho asanajambule chithunzi. Austria ili ndi malamulo okhwima, France imaletsa kuvala kapena kuonetsa zizindikirozi pagulu, ndipo Australia inaletsa malonda a zinthu zotere kuyambira mu January 2024. Ku Britain kukhala nawo m'nyumba si mlandu, koma kuyenda ndi mpeni pamsewu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, ndipo sugulitsidwa kwa mwana wosafika zaka 18. Kampani ya eBay silola zinthu zokhala ndi swastika. Ngati mukufuna kuulowetsa m'Malawi, yambani mwafunsa ku MRA ndi kupolisi, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa.

Chachitatu: phunzirani mitundu iwiri

Mtundu woyamba unatuluka mu 1934. Utali wake uli m'chimake ndi pafupifupi masentimita 40. Chogwirira chili ndi zidutswa ziwiri za nyanga ya mbawala za ku Ulaya, zomangidwa ndi masikuluwu, ndipo kumutu kwake n'kopindika ngati mlomo wa chiwombankhanga. Pa yoyambirira kwenikweni nyangayo imafika mpaka kumlomoko, ndipo imeneyi osonkhanitsa amaifuna kwambiri. Kumaso kwa chitsulo kuli mawu akuti Arbeit adelt, kutanthauza kuti ntchito imapatsa munthu ulemu. Chimake n'chachitsulo chopakidwa penti yakuda. Kumtunda kwake kuli zokongoletsa zopotanapotana, kumunsi kuli fosholo yokhala ndi swastika pakati pa ngala za tirigu.

Mtundu wachiwiri, wa mu 1937, unali wa akuluakulu kuyambira pa udindo wa Feldmeister. Ndi woonda, kumutu kwake kuli mutu wathunthu wa chiwombankhanga, chogwirira n'chapulasitiki yoyera, fosholo ndi tirigu zili pa chotchingira dzanja, ndipo chimake chonse n'chokutidwa ndi siliva. Mawu a pa chitsulo ndi omwe aja. Umenewu ndi wodula kuposa woyamba uja.

Kwa woyamba kumene, ndikulangiza wa 1934. Unapangidwa wambiri, zithunzi zoyerekezera nazo n'zosavuta kupeza, ndipo nyanga yakale njovuta kuinamizira kusiyana ndi pulasitiki. Musagule kanthu musanaone yeniyeni yambiri. Mabuku a Thomas M. Johnson ndi a Thomas Wittmann ndi amene osonkhanitsa ambiri amadalira, ndipo makampani a okushoni monga Hermann Historica amaika pa intaneti zithunzi zooneka bwino za zimene anagulitsa kale. Amene ali ndi mwayi wofika ku Solingen, mzinda umene unkasula mipeni imeneyi, akaone nyumba yosungira zakale ya Deutsches Klingenmuseum kuti adziwe mmene ntchito ya amisiri a kumeneko imaonekera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachinayi: uyang'aneni mpeniwo mwadongosolo

Apa ndi pamene ndalama zimatayikira kapena kupulumukira, ndiye tichedwepo. Tengani galasi lokulitsa zinthu, kamaginito, tochi ndi magolovesi. Pemphani chilolezo musanausolole, ndipo musololeni pang'onopang'ono.

Yambani ndi kumbuyo kwa chitsulo, pafupi ndi chogwirira. Pamenepo pamakhala chizindikiro cha kampani imene inaupanga. Pa mtundu wa 1934 nthawi zambiri pamakhalanso kachizindikiro ka makona atatu ka RAD ndi mawu akuti Ges. Gesch., osonyeza kuti kapangidwe kake n'kotetezedwa ndi lamulo. Carl Eickhorn ankaika gologolo, WKC mutu wa msilikali wovala chisoti, Alcoso sikelo, Ed. Wüsthof mkondo wa mano atatu. Zizindikirozi zinkasintha ndi zaka. Gologolo wa Eickhorn wa m'zaka zoyambirira ali m'kati mwa mizere iwiri yozungulira, pamene wa kuyambira cha m'ma 1935 wanyamula lupanga. Chizindikiro chikhale chogwirizana ndi zaka za mpeniwo ndi zitsulo zimene anaupangira. Mukaona zilembo za RZM ndi nambala yoyamba ndi M7, dziwani kuti pali vuto. Chidindo chimenecho chinali cha ofesi yoona katundu wa chipani, ndipo chimapezeka pa mipeni ya magulu a chipanicho monga SA, SS ndi gulu la achinyamata la Hitlerjugend. RAD inali ndi kagulidwe kake. Mawu a Chingerezi osonyeza dziko limene mpeniwo unapangidwa ndi chenjezo linanso, chifukwa mpeni wa anyamata a ku Germany sunkafunika chidindo cha katundu wotumiza kunja.

Mukaona sikelo ya Alcoso, imani pang'ono. Kampaniyo inali ya banja lachiyuda la Coppel, ndipo inalandidwa m'manja mwa banjalo mu ulamuliro wa Nazi. Alexander Coppel, mmodzi wa eni kampaniyo, anatengedwa kupita ku Theresienstadt, msasa wotsekeramo Ayuda, mu 1942 n'kufera komweko chaka chomwecho ali nkhalamba. Dzina lake linali pa mipeni ya boma limene linamupha, chifukwa Alcoso ndi chidule cha Alexander Coppel Solingen. Lero ku Solingen kuli sukulu yotchedwa dzina lake.

Kenaka onani mawu a kumaso. Amisiri a ku Solingen ankawalemba ndi asidi, ndipo zilembo zake zimakhala zakuya mofanana, m'mphepete mosongoka bwino, m'kati modera. Pa yabodza zilembo zimakhala zosaya, zofufuma, kapena mukaika galasi mumaona timadontho ndi timizere ta makina amakono. Yerekezani chilembo ndi chilembo ndi chithunzi cha mpeni wotsimikizika wa kampani yomweyo, makamaka A woyambayo ndi malo amene mawuwo ayambira ndi kuthera. Pendeketsani chitsulocho pa kuwala. Chimene sichinakhudzidwe chimaonetsa timizere tosalala ta kupukuta kwa kufakitale, pamene chimene wina anachipukuta ndi makina chimanyezimira ngati galasi ndipo mawu ake amaoneka ofwifwa. Timikwingwirima toyenda m'litali, tobwera chifukwa cholowa ndi kutuluka m'chimake, si vuto. Mpeni wa zaka zoposa 80 uyenera kukhala nato. Kunoledwa ndi kumene kumatsitsa mtengo, ngakhale kuti sikutanthauza kuti mpeniwo ndi wabodza.

Tsopano chogwirira. Nyanga yeniyeni ili ndi mabampu osafanana mbali ziwirizo, ndipo m'mphepete modulidwa mumakhala mwachikasu chifukwa cha ukalamba. Yabodza nthawi zambiri ndi pulasitiki youmbidwa, ndipo mungaone mzere wa chikombole kapena timabowo ta mpweya. Zidutswazo zikhale zogona bwino pa chitsulo, popanda mpata wolowa chikhadabo. Amisiri ankazisema ndi manja kuti zikwane pa mpeni umodzi wokhawo, ndiye chidutswa chochokera ku mpeni wina sichikhala bwino. Onani mitu ya masikuluwu. Ngati ili yotafunidwa, wina anamasulapo, ndipo muyenera kufunsa chifukwa chake. Inuyo musamasule. Ena amati m'kati muli manambala otsimikizira, koma nyanga yakale imang'aluka msanga, ndipo mukaiswa mwaononga chinthu chosabwezereka.

Maginito amakuuzani za zitsulo. Yoyambirira inali ndi zokongoletsa za nickel wosakaniza, amene sagwira maginito ndipo akakalamba amachita chikasu pang'ono. Yapambuyo pake inali yachitsulo wamba chokutidwa pamwamba, chimene chimagwira maginito ndipo chimatuluka timatuza ta dzimbiri. Zonse ziwiri n'zenizeni. Chofunika n'chakuti mpeni ndi chimake zikhale za nyengo imodzi. Chogwirira chokalamba pa chimake chonyezimira ngati chatsopano ndi chizindikiro chakuti awiriwa anakumanitsidwa posachedwa. Mipeni yambiri ya 1934 inali katundu wa gulu, ndiye imakhala ndi manambala odindidwa pa chogwirira ndi pakamwa pa chimake. Manambalawo akafanana, mtima ukhale pansi pang'ono. Akasiyana, zonse zikhoza kukhala zenizeni, koma mtengo utsike.

Penti ya chimake ikhale ndi mikwingwirima ya ukalamba. Ngati yakwera pa zokongoletsa kapena pa masikuluwu, kapena ikumveka fungo, inapakidwanso. Pomaliza bwezerani mpeniwo m'chimake. Ulowe mosakakamiza, ufike mpaka pakamwa, usagwedere.

Pa mtundu wa akuluakulu onjezani izi: nthenga ndi diso la chiwombankhanga zikhale zosemedwa mooneka bwino, osati zofufuma, ndipo pulasitiki ya chogwirira ikhale yofwifwirako, si yoyera mbee. Timing'alu tating'ono pa pulasitikiyo timapezeka kawirikawiri. Tochi ya kuwala kwa UV imathandiza kuona guluu, ulusi kapena nsalu zamakono, chifukwa zimawala kwambiri, koma musaidalire yokha.

Pali gulu lina lovuta kuposa yabodza wamba. Mzinda wa Solingen unaphulitsidwa ndi mabomba mu November 1944, koma zidutswa zambiri zosamalizidwa zinatsala m'mafakitale. Nkhondo itatha, anthu ankazilumikiza n'kugulitsa kwa asilikali a mayiko opambana, ndipo m'zaka za m'ma 1960 zina zinagulidwa zambiri n'kutumizidwa ku America. Mpeni wotere uli ndi ziwalo zenizeni koma palibe wa RAD amene anauvalapo. Umadziwika ndi kusagwirizana kwa ziwalo, timipata pamene zikumana, ndi ukalamba wosiyana pa chiwalo chilichonse. Yabodza yopangidwa m'zaka za m'ma 1960 nayonso tsopano yakalamba yokha, ndiye dzimbiri palokha si umboni.

Chachisanu: yesani wogulitsa ndi nkhani yake

Pafupifupi mpeni uliwonse umabwera ndi nkhani: agogo anautola ku Berlin, anaulanda kwa mkulu wa asilikali. Lipirani mpeni, nkhaniyo muilipire pokhapokha ili ndi pepala. Asilikali a America ankapatsidwa chikalata chowaloleza kupita kwawo ndi zinthu zolanda, ndipo chikalata chotero, kalata ya msilikaliyo kapena chithunzi chake ndiwo umboni.

Kwathu kuno samalani kwambiri. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenyana ndi Ataliyana ku East Africa, anapita ku Madagascar, kenaka ku Burma kukamenyana ndi Ajapani. Kumeneko si kumene kunali misasa ya RAD. Wina akakuuzani kuti agogo ake a KAR anabwera nawo kuchokera kunkhondo, afotokoze bwino njira imene unadzera. Ku South Africa nkhani ndi yosiyanako, chifukwa asilikali a kumeneko anakumana ndi Ajeremani kumpoto kwa Africa ndi ku Italy, ndiponso anthu ambiri anasamukira kumeneko kuchokera ku Ulaya nkhondo itatha.

Wogulitsa wabwino amalola kuti mujambule mbali zonse, amatchula yekha zolakwika, ndipo amalemba pa lisiti kuti mpeniwo ndi wa nthawi ya 1945 isanafike, ndi kuti ukapezeka wabodza adzabweza ndalama. Amene akukufulumizitsani kuti pali wina akuufuna, kapena akutumiza zithunzi zamdima, musiyeni. Chikalata chotsimikizira chimene wogulitsa walemba yekha chili ndi mphamvu yofanana ndi mbiri ya wogulitsayo basi. Musanalipire, onetsani zithunzi kwa osonkhanitsa awiri kapena atatu amene sapindula kanthu pa malondawo. Mtengo wake muuyerekeze ndi mitengo imene mipeni yofanana inagulitsidwira ku okushoni posachedwa, osati imene ogulitsa akupempha, ndipo kumbukirani kuti okushoni imawonjezera ndalama yake pamwamba. Wotchipa modabwitsa ndi wabodza mpaka utatsimikizika.

Chachisanu ndi chimodzi: kayendedwe

Lipirani m'njira yoti ndalama ikhoza kubwezedwa. Funsani kampani yonyamula katundu ngati imalola mipeni, lembani zoona pa fomu ya kasitomu, ndipo onani mayiko amene phukusi lidutsemo. M'ndege, mpeni sulowa m'chikwama cha m'manja.

Chachisanu ndi chiwiri: kasungidwe

Mipeni yambiri imaonongedwa ndi eni ake oikonda. Musayandikize sandipepala, polishi wa zitsulo kapena makina opukutira. Kuderako kwa siliva ndi nickel ndi mbali ya umboni wa ukalamba wake, ndipo mukakuchotsa sikubwerera. Musapakenso penti, musanole, musawalitse mawu a pa chitsulo.

Chofunika n'chochepa. Pukutani fumbi ndi kansalu kofewa kouma. Pakani phula lochepa kwambiri losungira zinthu zakale, monga Renaissance Wax, limene linapangidwira ku British Museum, kenaka pukutani mopepuka. Gwirani ndi magolovesi, chifukwa thukuta la zala limadya chitsulo n'kusiya chidindo chosafufutika. Mdani wamkulu ndi chinyezi. M'nyengo yadzinja, kapena ngati mumakhala kunyanja, ikani timapaketi ta silica gel, toyamwa chinyezi, m'bokosi ndipo muziyang'ana mwezi ndi mwezi. Musausunge m'jumbo, kapena pafupi ndi khoma lonyowa. Dzuwa ndi kutentha zimang'alula nyanga ndi pulasitiki. Lamba wachikopa wopachikira, ngati ulipo, ugone pansi wosapindidwa. Musapachikirepo mpeni, chifukwa chikopa cha zaka zimenezo sichingathenso kunyamula kulemera kwake. Dzimbiri lofiira likayamba, pitani kwa katswiri wosamala zinthu zakale, osati kwa wowotcherera. Ndipo bokosi likhale lokiya, kutali ndi ana.

Chachisanu ndi chitatu: lembani khadi lake

Tsiku lomwe mpeni wafika, ujambuleni mbali zonse ndipo lembani khadi: mtundu wake, kampani, manambala onse, utali, zolakwika, kumene munaugula, tsiku ndi mtengo. Nkhani ya wogulitsa ilembedwe payokha, ndi mawu osonyeza ngati ili ndi umboni kapena ayi. Lisiti ndi makalata zikhale pamodzi ndi khadilo.

Pa khadi lomwelo lembani mizere ingapo yonena kuti RAD inali chiyani ndi boma limene inkatumikira, ndipo ngati ndi wa Alcoso, lembani za Alexander Coppel. Mpeniwo usakhale pabalaza pakati pa mbendera ndi zithunzi za Hitler. Usavalidwe, ndipo musauike pa Facebook popanda mawu ofotokoza, chifukwa chithunzi chimafika kwa anthu amene chizindikirocho chinawaphera abale. Ukhale m'bokosi kapena m'kabati, khadi lili pambali, ndipo muziutulutsa pamene pali wofuna kuphunzira.

Uzaninso a m'banja mwanu chimene adzachite nawo inu kulibe. Lembani kumbuyo kwa khadi dzina la kampani ya okushoni yodalirika kapena nyumba yosungira zakale imene mwalankhula nayo kale. Muyambe mwafunsa, chifukwa si nyumba iliyonse imalandira zinthu zotere, ndipo zimene zimalandira zimafuna kuona mapepala osonyeza kumene chinthucho chinachokera.